Akuti buku langa lasankhidwa pa mphoto ya kunja koma ndiyambe ndalipira: ndi zoona?

"Ndine mphunzitsi kuno ku Ulongwe, m'boma la Angónia. Kwa zaka zitatu ndakhala ndikulemba buku la m'Chinyanja lofufuza mlandu. Mlimi wa fodya wa kufupi ndi phiri la Domwe akupezeka atafa m'chigafa tsiku limene walandira ndalama zake, ndipo mudzi wonse ukuloza chala mkazi wake wamng'ono. Mitu inayi yoyamba ndinaiika pa Facebook ndipo anthu anaikonda. Sabata yatha ndinalandira imelo ya m'Chingerezi yonena kuti buku langa lasankhidwa kuti lipikisane pa mphoto ya dziko lonse ya mabuku a zaupandu, koma nditumize madola 150 pasanathe masiku khumi kuti dzina langa litsimikizike. Kodi kusankhidwa kumayenda chonchi? Nanga buku ngati langali lingafike bwanji pa mphoto zenizeni?"

Aphunzitsi, mwachita bwino kufunsa ndalamazo zisanachoke m'thumba. Yankho la funso loyamba n'lalifupi: musalipire. Musachitenso manyazi kuti mtima unadumpha mutawerenga uthengawo. Munthu amene wakhala zaka zitatu akulemba usiku, atatha kuchonga makope a ana, sangalephere kukondwa akamva kuti wina kutali waona ntchito yake. Otumiza mauthengawa amadziwa zimenezo, n'chifukwa chake akupatsani masiku khumi okha, kuti musapeze mpata wofunsa anzanu.

Taonani pamene bodza lagona. Buku lanu silinasindikizidwe, lili m'Chinyanja, ndipo poyera pali mitu inayi yokha. Ndani analiwerenga mpaka kumapeto n'kuona kuti mfundo ya mlandu inamasuka bwino? Bwererani ku imeloyo muone ngati atchula dzina la munthu ngakhale mmodzi wa m'nkhani yanu, kapena chigafa, kapena Domwe. Mupezamo mawu otamanda amene angakwane buku lililonse la padziko. Mphoto zogulitsazi zimakhala ndi magulu ambirimbiri kuti aliyense wolipira apezepo pake. Mukalipira koyamba amakuuzani kuti mwafika kumapeto, kenako pamabwera mtengo wa satifiketi, wa zomata zagolide za pachikuto, ndi wa mpando pa mwambo umene simudzapitako. Madola 150 akuposa mametikali 9,000, ndalama yokwanira kutaipitsa buku lonse, kulisindikiza pa pepala kangapo n'kutsalako.

Sindikunena kuti paliponse pamene pali ndalama pali chinyengo. Mipikisano ina yoona ili ndi ndalama yolowera. Kusiyana kwake kuli pa nthawi ndi pa amene wayamba kufuna mnzake. Pa mpikisano woona inu kapena wosindikiza wanu ndi amene mumapita kukagogoda, mtengo umakhala wolembedwa poyera kwa aliyense, ndipo mumalipira oweruza asanawerenge. Akatha kuwerenga n'kukusankhani, palibenso chimene amakupemphani. Amene wakupezani yekha, n'kukuuzani kuti mwasankhidwa kale, kenako n'kutambasula dzanja, ameneyo ndi wamalonda.

Mawu akuti kusankhidwa amasokoneza ambiri chifukwa amabisa zinthu zinayi zosiyana. Choyamba ndi kutumizidwa chabe: buku lafika patebulo la oweruza pamodzi ndi mazana ena, ndipo apa palibe ulemu uliwonse, ngakhale alembi ena amalemba pachikuto kuti anasankhidwa pamene anangotumiza. Chachiwiri ndi mndandanda wautali, pamene oweruza apeta n'kutsala ndi mabuku khumi kapena kuposerapo pang'ono. Chachitatu ndi mndandanda waufupi, kawirikawiri mabuku asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo apa ndi pamene munthu anganene mosachita manyazi kuti buku lake linasankhidwa. Chachinayi ndi kupambana. Mayina a pa mindandanda iwiriyi amalengezedwa poyera tsiku limodzi kwa onse, pa tsamba la intaneti la bungwe lenilenilo. Ngati dzina lanu mukulimva m'imelo mokha, palibe mndandanda.

Tsopano mphoto zenizenizo. Ku America yaikulu ndi Edgar, ya bungwe la Mystery Writers of America, imene inayamba kuperekedwa mu 1946 ndipo dzina lake n'lokumbukira Edgar Allan Poe. Osankhidwa amalengezedwa mu Januwale, pafupi ndi tsiku lobadwa la Poe, ndipo opambana amadziwika ku New York chakumapeto kwa Epulo kapena kumayambiriro kwa Meyi. Oweruza ake ndi alembi anzawo. Khomo lake ndi ili: buku likhale m'Chingerezi, litatuluka ku America m'chaka chimene chikuweruzidwacho, kwa wosindikiza amene bungwelo limamuvomereza. Ku Britain kuli mphoto za Dagger, za bungwe la Crime Writers' Association limene John Creasey anayambitsa mu 1953. Ilipo Gold Dagger ya buku lopambana onse, ina ya buku loyamba la mlembi, ina ya nkhani za m'mbiri yakale, ndipo kuyambira 2006 ilipo yapadera ya mabuku omasuliridwa kuchokera m'zilankhulo zina, imene imalemekezanso womasulira. Nazonso zimafuna buku lotuluka ku Britain, ndipo kawirikawiri wotumiza ndi wosindikiza. Palinso Anthony ndi Agatha, zimene amavota ndi anthu obwera ku misonkhano ya owerenga, wa Bouchercon ndi wa Malice Domestic. Zimenezi musazitayire nthawi pakali pano: buku limafika kumeneko ngati anthu a kumsonkhanowo analigula kale n'kuliwerenga.

Mwaona kuti palibe imodzi mwa izi imene imafunsa dziko limene mlembi anabadwira, kupatula gulu la Edgar la buku loyamba, limene ndi la Amereka okha. Chimene zimafunsa ndi chilankhulo, malo osindikizira, chaka, ndi amene watumiza. Zinayi zimenezi ndizo zimatsekera kunja mabuku ambiri abwino, oweruza asanatsegule n'komwe tsamba loyamba. Nkhani za ku Africa zakhala zikudutsa ndithu pamene zinayizi zakwanira. James McClure, wobadwira ku South Africa, analandira Gold Dagger mu 1971. Malla Nunn, wobadwira ku Swaziland, anafika pa mndandanda waufupi wa Edgar mu 2010, ndipo Kwei Quartey, wolemba za ku Ghana, anafikapo mu 2021. Oyinkan Braithwaite wa ku Nigeria analandira Anthony ya buku loyamba mu 2019. Onsewa analemba m'Chingerezi.

Amene nkhani yawo ikufanana ndi yanu ndi olemba m'chilankhulo cha kwawo. Henning Mankell, amene kwa zaka zambiri ankakhala ku Maputo mbali ina ya chaka akugwira ntchito ndi a Teatro Avenida, ankalemba m'Chiswidishi. Buku limene linamupatsa Gold Dagger mu 2001 linatuluka kwawo mu 1995. Natsuo Kirino wa ku Japan anafika pa mndandanda wa Edgar mu 2004 ndi buku limene anthu a kwawo analiwerenga mu 1997. Deon Meyer amalemba m'Chiafirikanzi, ndipo anafika pa mndandanda waufupi wa Dagger ya mabuku omasuliridwa mu 2010. Njira ya onsewa ndi imodzi: buku limayamba lamera mizu kwawo, wina amalimasulira, wosindikiza wa ku London kapena New York amaligula, ndipo pokhapo m'pamene koloko ya mphoto imayamba kuyenda. Zaka zisanu ndi chimodzi kapena zisanu ndi ziwiri si zachilendo. Chaka chimene amawerengera ndi cha kumasulirako, choncho kulemba m'Chinyanja sikukuchedwetsani pa mpikisano uliwonse wa mtundu umenewu.

Ndipo musaganize kuti chilankhulo chathu sichinapiteko. Samuel Josia Nthara, mphunzitsi ngati inu wa ku Nkhoma, kuseri kwa Dedza uko, analandira mphoto ndi buku lake la Nthondo pa mpikisano wa mabuku a m'zilankhulo za mu Africa, ndipo mu 1934 linatuluka m'Chingerezi atalimasulira T. Cullen Young. Silinali lofufuza mlandu, koma njira yake ndi yomweyi.

Makomo amene mungagogode nokha, popanda wosindikiza, ndi a mipikisano ya zolemba zosasindikizidwa. Bungwe lomwe lija la ku Britain lili ndi mpikisano wa alembi atsopano, umene kwa zaka zambiri unkatchedwa Debut Dagger. Amafuna mawu 3,000 oyambirira a buku ndi chidule cha nkhani yonse, m'Chingerezi, ndipo pali ndalama yolowera yolembedwa poyera. Alan Bradley wa ku Canada anapambana mu 2007 ali ndi zaka pafupifupi 70, buku asanalimalize, ndipo osindikiza anamulondola okha. Phindu lake lagona pomwepo: mndandanda waufupi umaonedwa ndi ofunafuna alembi atsopano.

Wina ndi Commonwealth Short Story Prize. Anthu ambiri kuno sadziwa kuti ndi wathunso, koma Mozambique inalowa mu Commonwealth mu 1995. Kulowa n'kwaulere, amatsegula pa 1 Seputembala n'kutseka pa 1 Novembala, nkhani ikhale ya mawu 2,000 mpaka 5,000 yosasindikizidwa, ndipo amalandira ya m'Chipwitikizi kapena yomasuliridwa m'Chingerezi kuchokera m'chilankhulo chilichonse. Wopambana chigawo cha Africa amalandira mapaundi 2,500, wopambana onse 5,000. Si wa nkhani zaupandu zokha, koma sazikana. Musadule mutu umodzi wa buku n'kuutumiza ngati nkhani yaifupi, chifukwa umaoneka kuti ndi chiwalo chodulidwa. Lembani kamlandu kena kakang'ono ka wofufuza wanu yemweyo, kamene kakuyamba n'kutha m'masamba khumi.

Koma ine ndikuona kuti khomo lanu lapafupi ndi la Chipwitikizi, chimene mumaphunzitsa nacho tsiku ndi tsiku. Prémio LeYa, imene inayamba mu 2008, ndi ya buku la nkhani yaitali losasindikizidwa la m'Chipwitikizi, lochokera kulikonse, lotumizidwa ndi dzina lobisalira. Mu 2009 anapambana ndi João Paulo Borges Coelho wa kuno ku Mozambique, amene walembanso mabuku ochitikira ku Zumbo ndi ku Moatize, kusonyeza kuti nkhani ya m'chigawo cha Tete siyenera kusamukira ku Maputo kuti iwerengedwe. Ndalama yake inali mayuro 100,000 poyamba, kenako inatsika kufika pa 50,000. Zapafupi kuposa imeneyo ndi mphoto ya Imprensa Nacional, nyumba yosindikiza mabuku ya boma la Portugal, yokumbukira Eugénio Lisboa, ya zolemba zatsopano za ku Mozambique, ndi ya Fundação Fernando Leite Couto. Prémio Oceanos imafuna buku losindikizidwa kale. Ya José Craveirinha, ya bungwe la alembi la AEMO mothandizidwa ndi kampani ya magetsi ya Cahora Bassa, ndi ya alembi amene ntchito yawo ikudziwika kale, ndipo ya Camões, imene Craveirinha analandira mu 1991, Mia Couto mu 2013 ndi Paulina Chiziane mu 2021, palibe amene amaipempha: oweruza amasankha okha poona ntchito ya moyo wonse. Palibe mwa izi ya nkhani zaupandu zokha, choncho buku lanu likapikisana ndi mabuku a mitundu yonse, ndipo chinenero chake chiyenera kulimba mofanana ndi mlandu wake.

Apa pali msampha umene mwaupondako kale mwendo umodzi: mitu inayi ija ya pa Facebook. Mawu akuti inédito, kapena kuti chosasindikizidwa, mpikisano uliwonse umawatanthauzira mwakemwake. Ina imakhululukira zimene munthu waika pa tsamba lakelake, ina imati chilichonse chimene chinaonekapo pa intaneti, ngakhale mbali chabe, chatuluka kale. Vuto lachiwiri ndi la dzina lobisalira: ngati woweruza angalembe chiganizo chanu choyamba pa foni n'kupeza nkhope yanu, chinsinsi chatha ndipo akhoza kukuchotsani. Lekani kuika mitu ina lero lomwe. Imene ilipoyo ijambuleni pamodzi ndi masiku ake, isungeni, kenako ibiseni kuti muziiona nokha. Mukasankha mpikisano, alembereni okonza funso lachindunji: mitu inayi mwa mitu yakuti inakhalapo pa tsamba langa m'Chinyanja kuyambira mwezi wakuti mpaka wakuti, kodi ndikuloledwa? Yankho lawo lisungeni. Funso lomwelo lifunseni ngati mukufuna kusindikiza la Chinyanja poyamba n'kudzatumiza la Chipwitikizi pambuyo, chifukwa ena amaliona ngati lomasuliridwa osati latsopano. Kubisa n'koopsa kuposa kufunsa: mphoto imalandidwa ngakhale italengezedwa kale. Chimodzimodzi kusindikiza makope 50 pa kampani ya m'tauni kuti mugulitse kusukulu. Kukoma kwake n'kwa mwezi umodzi, koma bukulo silikhalanso losasindikizidwa, ndipo inu simukhalanso mlembi watsopano pa mipikisano ina.

Malamulo a mpikisano, amene pa Chipwitikizi amati regulamento, awerengeni a chaka chomwecho, muli ndi cholembera m'manja, chifukwa masiku ndi miyeso zimasintha. Zimene zimagwetsa anthu ndi zazing'ono. Ena amawerenga mawu, ena masamba, ena zilembo pamodzi ndi mipata yake, ndipo kupyola ndi pang'ono pomwe n'kokwanira kuti akuchotseni. Pepala likhale A4, zilembo za saizi 12, mizere yotalikirana monga anenera, masamba okhala ndi manambala. Dzina lanu lisapezeke pamwamba pa tsamba, m'mawu othokoza, pa dzina la fayilo, ngakhale m'kati mwa fayilo momwe Word imasunga dzina la mwini kompyuta. Pomalizapa ambiri amaiwala, makamaka ngati anataipitsa pa kompyuta ya kusukulu. Ngati akufuna envelopu yomata yokhala ndi kope ya chiphaso chanu cha unzika (BI), kunja kwake kulembedwe dzina lobisalira ndi mutu wa buku basi. Ora lotsekera ndi la dziko la okonza, osati la kuno. Ndipo netiweki ya ku Angónia mukuidziwa nokha: tumizani kutatsala sabata yathunthu, n'kusunga uthenga wotsimikizira kuti zafika. Onaninso ngati amalola kuti buku lomwelo likhale pa mpikisano wina nthawi imodzi, poti ambiri salola, ndipo mapanga awiri avumbwitsa.

Chidule ndi pamene alembi a nkhani zofufuza amalakwitsa kwambiri, chifukwa dzanja lawo linazolowera kubisa. Amalemba kuti, "Kodi anapha mlimiyu ndani? Werengani mudzionere nokha." Amenewo ndi mawu a kuseri kwa chikuto, a wogula. Woweruza akufuna kuona ngati nyumba yonse yaima. Muuzeni zonse, mwachitsanzo: "Wopha ndi mlamu wake, amene anatenga feteleza wa ngongole m'dzina la malemuyo. Wofufuza akumugwira chifukwa ananena kuti anamva za imfayo m'mawa, koma adzukulu anamuona atasintha kale malaya tambala asanalire." Wopha, chifukwa chake, ndi kachinthu kamene kanamugwiritsa, zonse zikhalemo, motsatana ndi mmene wowerenga adzazidziwire.

Pa buku lenilenilo ndikhalitsepo, chifukwa makomo onsewa alibe ntchito ngati mlandu uli wofooka. Woweruza amene ali ndi mulu wa mabuku samaliza onse. Masamba 30 oyambirira akapanda kumugwira amatenga lina. Ndiye mtembo, kapena chinthu chosonyeza kuti pano zinthu zalakwika, chisadikire mutu wachisanu pamene mukufotokoza mbiri ya mudzi ndi mibadwo ya mafumu. Chachiwiri, musamubere wowerenga. Wopha aoneke msanga, alankhule, adye nawo nsima ya pamaliro. Chilichonse chimene wofufuza adzagwiritse ntchito pomaliza chikhale chitadutsapo pamaso pa wowerenga, ngakhale mutachiphimba ndi phokoso lina. Mlendo wotulukira m'mutu womaliza, kalata yopezeka mwangozi, kapena wopha woulula yekha chifukwa chikumbumtima chamuvuta, zonsezi zimaonetsa kuti mlembi anasowa potulukira. Za ufiti zilowemo ndithu, poti mudzi umene munthu wafa mwadzidzidzi n'kupanda wotchula ufiti kulibe, ndipo mkazi wamng'ono uja adzanenedwa zimenezo. Koma zikhale zimene anthu akukhulupirira ndi kuopa, zimene wopha angabisalemo. Mlandu ukamasulidwa ndi maloto kapena ula, wowerenga amene amawerengetsa zizindikiro kuyambira tsamba loyamba amaona kuti mwamuseweretsa.

Chimene inu muli nacho, chimene wolemba wa ku Lisboa sangachipeze, ndi kudziwa malo. Chigwiritseni ntchito molondola. Ngati mlimi wafa tsiku lolandira ndalama za fodya, ndiye kuti mvula inatha, kunja kuli fumbi ndi chisanu cha ku Angónia, ndipo mapazi a m'matope angapezeke kudimba kokha. Ndalamazo anazilandira m'manja, ku banki, kapena pa foni? Chilichonse mwa izi chimasiya mapazi akeake, ndipo chimasintha amene akanadziwa kuti ndalama zafika. Maliro a kumudzi sadikira: wofufuza wanu akulimbana ndi dzuwa, chifukwa mawa lake thupi lili m'manda, ndipo chipatala chachikulu cha chigawo chili ku Tete, makilomita oposa 200 kuchokera ku Ulongwe. Amene amaona thupi bwinobwino ndi adzukulu polisambitsa. Bala la kuseri kwa khutu aliona ndi iwo, ndipo kuti alankhule kapena akhale chete zitengera ubale wawo ndi banjalo. Malire nawonso ndi chuma cha nkhani yanu. Pa Lizulu munthu amangodumpha msewu n'kukhala m'dziko lina, n'kuchotsa khadi ya Movitel kuikamo ya ku Malawi, makwacha thumba lina mametikali thumba lina. Wapolisi womuthamangitsa amaima pamsewupo.

Za apolisi ndi makhoti zikhale za kuno. Ambiri a ife tinakula tikumvera wailesi za ku Malawi ndi kuonera mafilimu a ku America, ndiye polemba timabwereka maudindo ndi machitidwe a kumeneko osazindikira. Kuno oyamba kufika ndi apolisi a PRM, ofufuza ndi a SERNIC, amene analowa m'malo mwa PIC mu 2017, ndiye ngati nkhani yanu ikuchitika mu 2012 dzina lake ndi PIC. Wotsogolera mlandu ndi procurador, woimira boma pa milandu. M'khoti mulibe gulu la anthu khumi ndi awiri la m'mafilimu lija, muli woweruza wophunzira malamulo ndi oweruza osankhidwa pakati pa anthu. Chilango cha imfa chinathetsedwa ndi malamulo a dziko a 1990, choncho wopha wanu sangaopsezedwe ndi chingwe. Pezani wapolisi wopuma ntchito kapena mlembi wa kukhoti la boma, muwerengereni mitu imeneyi mokweza, muone pamene akugwedeza mutu.

Za kumasulira, musayambe ndi buku lonse. Yambani ndi mawu 3,000 oyambirira ndi chidule, muone ngati nkhani ikupuma m'chilankhulo chinacho. Kumbukirani kuti Chinyanja chimamanga mawu ambiri kukhala amodzi: "sindidzakuuzaninso" ndi liwu limodzi kwa ife, koma womasulira adzafuna anayi kapena kuposa. Ndiye muyeso wa mpikisano muziuyeza pa zomasulirazo, ndipo pogwirizana mtengo ndi womasulira nenani poyera ngati mukuwerenga mawu a Chinyanja kapena a chilankhulo chinacho. Makina omasulira a pa foni amathyola miyambi ndi ulemu: "inu" ndi "iwe" zimatuluka zofanana, pamene m'nkhani yofufuza mlandu munthu akasiya kunena "inu" n'kuyamba "iwe" pamakhala patachitika kanthu. M'Chipwitikizi ndikukulangizani kuti mulilembenso nokha, osati liwu ndi liwu, kenako mupeze mkonzi wodziwa bwino chilankhulocho alipalire. M'Chingerezi funani munthu amene amawerenga mabuku a mtundu umenewu, osati amene anangokhoza mayeso.

Ndondomeko imene ndingatsate ndikanakhala inu ndi iyi. Malizani la Chinyanja, liikeni pambali mwezi umodzi, kenako lipatseni anthu atatu amene sakuopani. Pa tsamba limene lili pakati pa buku, aliyense alembe pa kapepala dzina la amene akumuganizira ndi chifukwa chake. Onse atatu akalondola, mwaulula msanga. Onse akaphonya, ndipo pomaliza n'kunena kuti sakanatha kudziwa, mwabisa mopyola. Chimene mukufuna n'chakuti aphonye, koma atamaliza abwerere m'mbuyo n'kudzimenya pachipumi. Mukakonza zimenezo, lembani nkhani yaifupi ija ya Seputembala, poti siyikudyerani ndalama, ndipo m'miyezi yodikira yambani la Chipwitikizi.

Pali nthawi zitatu zimene simuyenera kuyenda nokha. Yoyamba, ngati nkhaniyi inachokera pa imfa yeniyeni ya kwanuko. Kusintha dzina lokha sikukwanira ngati aliyense wa ku Domwe angaloze nyumba yake. Sinthani mudzi, chaka, banja ndi mmene anafera, ndipo ngati mlanduwo udakali kukhoti kapena anthu ake ali moyo, onanani ndi loya musanatulutse chilichonse, chifukwa kuipitsa mbiri ya munthu ndi mlandu. Yachiwiri, wosindikiza kapena mpikisano ukakupatsani pangano loti musaine. Malamulo a mipikisano yambiri ya zolemba zosasindikizidwa amanena kuti wopambana wapereka ufulu wosindikiza, ndiye onani kuti ndi kwa zaka zingati, m'mayiko ati, ndi m'zilankhulo ziti. Yesetsani kuti ufulu wa Chinyanja ukhale wanu, ndipo pangano lililonse lionetseni kwa loya kapena kwa alembi akale a ku AEMO musanaike dzina. Wosindikiza amene akufuna kuti inu mumulipire ndi wosindikiza wa mtundu wina, ndipo mphoto zambiri zazikulu sizilandira mabuku ake.

Yachitatu ndi ya imelo yomwe ija. Musaiyankhe, ngakhale kukana, chifukwa yankho limawauza kuti adiresiyo ili ndi mwini wake. Musatsegule fomu imene aikamo, ndipo musatumize kope ya BI, nambala ya msonkho (NUIT) kapena buku lonse. Ngati munadina kale n'kulembapo nambala ya khadi ya ku banki kapena ya M-Pesa, imbirani banki kapena kampani ya foniyo lero kuti atseke, sinthani mawu achinsinsi a imelo ndi a Facebook, ndipo kadandauleni kupolisi mutatenga uthengawo wosindikizidwa pa pepala, pamodzi ndi adiresi yonse ya amene anautumiza.